Mzere wa Pakati pa Mbale

Mudzi wa Namikalo,
Phalombe.
5 Novembala.

Wokondedwa mlongo wanga Fletcher,

Choyamba ndimve za moyo wako. Wadzuka bwanji ku Joniko, iwe ndi alamu anga a Peggy ndi ana? Chifuwa chija chinakusiya? Paja unkadandaula kuti fungo la penti kuntchito likukutseka pakhosi. Uzimwa mkaka, usamaume manja pa thupi lako lomwe.

Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Kukutentha koopsa, phiri silikuoneka n'komwe chifukwa cha utsi wa moto wa osaka mbewa. Mizere tinamaliza kuunga, tikungodikira mvula. Nandolo chaka chino anabereka bwino, koma mtengo umene mavenda akugulira, usandifunse, ungalire. Abambo miyendo ikutupabe, koma mankhwala akumwa ndipo akuyenda okha ndi ndodo yawo ija.

Kalatayi ndapatsira a Dickson a mathiraki, anyamuka Lachinayi. Udabwa kuti Eveles walowa chiyani kulemba kalata ngati munthu wakale foni ali nayo. Mauthenga anga sukuwatsegula, ndaona. Komanso zimene ndikufuna kukuuzazi ndayesa katatu kuzinena ndi pakamwa pa foni, katatu konse ndafufuta. Pepala siliyang'ana munthu m'maso, ndiye bola pepala.

Mu uthenga wako womaliza unati ngati abambo sakukufuna, Khirisimasi ino subwera ndipo wasiya kuimba. Unandifunsa kuti unawalakwira chiyani kuti akane kulandira foni yako miyezi iwiri yathunthu. Ine ndinakuyankha kuti ndi ukalamba chabe. Ndinakunamiza. Iwe sunawalakwire kalikonse. Wolakwa ndine, ndipo ukhale pansi ndikuuze zonse.

Ukukumbukira ndalama zimene unatumiza mu Ogasiti? Unamva kuti pa Migowi patsegulidwa lesitilanti ya zakudya za Chitaliyana. Unati abambo anaphikira ansembe a Chitaliyana ku mishoni zaka makumi atatu, koma sanakhalepo pa tebulo ngakhale tsiku limodzi. Unati ndipite nawo akakhale pampando, wina awaperekere chakudya chomwe chija, ndipo ndikujambulire chithunzi. Linali ganizo labwino, Fletcher. Ine sindinaliganizepo, ndipo mwina ndi pomwe panayambira kansanje kanga.

Malowo ndi a mayi wina dzina lake Belita, wa konkuno, amene anagwira ntchito kwa mzungu wa ku Italiya ku Blantyre mpaka anadziwa zonse. Khoma analipaka zobiriwira, zoyera ndi zofiira. Kuseri anamanga uvuni wa njerwa wowotchera piza, ngati wa masikono uja koma wozungulira. Amadyako ndi manesi, anthu a mabungwe, ndi alendo okwera phiri. Ife a kumudzi timangopenya tikamadutsa, ndipo timapatcha kuti kwa azungu ngakhale mzungu mulibemo.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene mwina sukuchidziwa bwino, chifukwa unali wamng'ono pamene abambo ankagwira ntchito ku mishoni. A Makina ukuwadziwa, aja a nkhuni, omwe anandibereka kumsana tsiku la napolo pamene madzi analowa m'mudzi, amayi atanyamula iwe. Zaka zonse zimene abambo ankaphika, a Makina ndi amene ankatsitsa nkhuni kuphiri n'kumabweretsa kukhitchini. Ansembe akamaliza kudya, chotsala chinkakwana mbale imodzi yokha, mbale yachitsulo ya maluwa ija ili m'sutikesi ya abambo. Awiriwo ankakhala pa khomo la kuseri kwa khitchini. Abambo ankatenga chigwiriro cha supuni, n'kulemba mzere pakati pa chakudya, uku kwawo, uku kwa a Makina. Ndinkawaona ndi maso angawa ndikamapita kukatenga makiyi a nyumba. Kaya chatsala chambiri, kaya chatsala chongonyambita, mzere unkalembedwa basi.

Tsiku lopita kuja linali la msika. Abambo anadzuka kusanache bwino, anameta ndevu, anapukuta nsapato mpaka zinachita kuwala, n'kuvala jekete labuluu limene unawatumizira. Tinakwera kabaza wa njinga yamoto. Njira yonse ankangondifotokozera za a Fada Ambrozio, mmene ankakalipira supageti akafewa, mmene ankabzalira kuseri kwa tchalitchi masamba onunkhira aja ofanana ndi mpungabwi. Chimwalirire amayi ndinali ndisanawamvepo akulankhula chonchi.

Titafika anatilandira mtsikana woperekera zakudya, dzina lake Violet, waulemu wake. Anatikhazika pakhonde, pa tebulo loyang'ana kumsewu, la nsalu yoyera. Anabwera ndi madzi osamba m'manja, anagwada pothirira abambo, kenaka anatipatsa menyu. Abambo maso anafooka, ndiye ndinkawawerengera ine. Mayina ake ondipinda lilime, ndipo iwo ankangondikonza uku akuseka, amvekere mwana wanga sukulu yonse ija unapita kukatani.

Mitengo ndinkaidumpha dala. Mbale imodzi ya supageti wa nyama yogaya inali K16,000, piza K24,000. Pamenepo ndi nkhuku ziwiri zonenepa. Abambo atafunsa mtengo ndinawauza kuti asade nkhawa, Fletcher walipira kale. Koma ndikuuziretu pompano kuti usadzandikhululukire molakwika: ndalama zimene unatumiza zinali zokwana anthu anayi kudya n'kumwa, ya kabaza n'kutsalanso.

Chakudya chinachedwa, pafupifupi ola lathunthu, akuti magetsi anazima ndiye nyama ankagaya pamanja. Abambo sanadandaule n'komwe. Anamuitana Violet n'kuyamba kumufunsa mafunso ngati mayeso. Kodi madzi owiritsira athiramo mchere wokwanira? Kodi adyo amamukazinga asanaike tomato kapena pambuyo? Anamutuma akauze wophika kuti supageti asafewe ngati phala, akhale ndi kamtima koyera pakati, dzino likamaluma lizimva kuti laluma chinthu. Violet anaseka mpaka kugwira pamimba, anapita kukanena, pobwera anatibweretsera buledi wopaka adyo, akuti ameneyo ndi waulere chifukwa agogo ndi a ntchito yomweyi. Abambo anakhala tsonga pampando, chifuwa patsogolo.

Ukuwadziwa abambo ndi khalidwe lawo losadya okha. Aliyense wodutsa pamsewu amene ankamudziwa ankamukuwira kuti bwerani tidye. Anthu ankangoseka n'kuyankha kuti zikomo, pitirizani. Ine ndinkachita manyazi pang'ono, chifukwa pa tebulo loyandikana nafe panali anthu atatu a bungwe, ovala bwino, makompyuta awo ali pa tebulo. Koma ndinangoti bola akusangalala.

Kenaka kunatulukira a Makina. Ankakankha njinga yawo ija yopanda mabuleki, nkhuni zili mulu pakaliyala, zikuoneka kuti sizinagulidwe. Malaya ong'ambika paphewa, nkhwaila kumapazi, thukuta lili chuchuchu. Abambo anaimirira msangamsanga, ndodo inagwa pansi, n'kukuwa dzina lawo msewu wonse unamva.

A Makina anakana kaye, anati ali ndi litsiro. Abambo anati litsiro la nkhuni ndi limene linaphika chakudya chonse cha ku mishoni, akwere msanga. Ndiye anatsamiritsa njinga pa khoma lopakidwa bwino lija, anakwera masitepe mwamantha, n'kufuna kunjuta pansi pambali pa tebulo. Abambo anawakokera mpando. Anati lero Makina tikhala pa tebulo tonse awiri, mbale ikubwera, tilemba mzere ngati kale.

Fletcher, ine foni inali kale m'manja, ndikudikira chakudya kuti ndijambule. Ndinayang'ana abambo ali mu jekete, nsalu yoyera, maluwa a pulasitiki pa tebulo. Ndinayang'ana a Makina, mapazi ong'aluka, fungo la utsi ndi thukuta. Ndinaona anthu a bungwe aja akuyang'anizana, wina n'kusuntha chikwama chake. Mwina sankaganiza chilichonse choipa, sindikudziwa. Koma ine manyazi anandigwira, ndipo satana anandilowa pomwepo.

Ndinanyamuka ngati ndikupita kukasamba m'manja, n'kumupeza Violet mkati pafupi ndi zenera. Ndinamuuza kuti akabweretsa chakudya anene kuti malo ano salola anthu awiri kudya mbale imodzi, aliyense wokhala pampando agule yake. Mwana uja anadabwa. Anati mayi, lamulo limenelo kuno kulibe, ine ndingobweretsa foloko yachiwiri basi. Ndinamuumiriza. Ndinatenga K1,000 n'kumuika m'thumba la epuloni yake, n'kumuuza kuti kasitomala ndine, achite zimene ndanena.

Mbale zinabwera, yanga ndi ya abambo. Violet ananena mawu aja akuyang'ana pansi, mawu ake osamveka bwino, moti anachita kubwereza. Abambo anadabwa, koma sanakwiye. Anangotembenukira kwa ine n'kunena kuti ngati ndi choncho, Eveles, itanitsa ina ya a Makina.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandidzutsa mpaka lero. Mtengo umene ndinkawabisira uja ndinaunena mokweza, mawu onse, kuti a tebulo linalo amve. Ndinati abambo, mbale imodzi ndi sikisitini sauzande, si chipisi cha pamsika ichi.

A Makina makutu anafa mbali imodzi, koma zimenezo anamva. Nkhuni za sabata yathunthu sizifika pamenepo. Anaimirira pang'onopang'ono, anabwezera mpando m'malo mwake bwinobwino, n'kunena kuti achimwene musavutike, ine ndadya kale kunyumba. Milomo yawo inali yoyera mbuu, munthu woti chidzukire sanalawe kanthu. Anatsika masitepe, anagwira njinga yawo, n'kumapita osacheuka.

Abambo anakokera mbale yawo pafupi. Kenaka anatembenuza foloko, n'kulemba mzere pakati pa supageti ndi chigwiriro chake. Anadya mbali yawo yokha, pang'onopang'ono, osadumpha mzere ngakhale ndi kachingwe kamodzi. Ine ndinawauza kuti ayang'ane kuno amwetulire, n'kujambula. Chithunzi chimene unachiika pa foni yako chija, chimene unati anzako akuchiyamikira, ndi chimenecho. Uchikulitse, uyang'ane m'mbalemo. Mzere ukuoneka.

Atamaliza anamuuza Violet kuti wophika akudziwa ntchito, kungoti wafewetsa pang'ono, ndipo anapempha kuti chotsalacho awakulungire. Mwana uja anakulunga, ine osandiyang'ana. Pobwerera abambo anatsika kabaza pa mphambano, anayenda wapansi mpaka kwa a Makina. Sanawapeze, anasiyira mwana wawo wamkazi. M'mawa mwake phukusi lija linabwerera kwathu losatsegula, litayamba kale kusasa. Ndinakataya ndine kudzala.

Zikanathera pomwepo, bwenzi tchimo langa lili limodzi. Koma patatha sabata abambo anazemba ine ndili kudimba, anakwera kabaza okha kubwerera ku Migowi. Akuti ankafuna akalankhule ndi mwini malo ngati wophika ndi wophika mnzake, amuuze kuti lamulo lakelo ndi loipa, ngakhale Ataliyana eni akewo sankatero. Belita anadabwa kwambiri. Anawauza kuti lamulo lotero kulibe, anthu amagawana piza imodzi anthu asanu tsiku ndi tsiku. Anamuitana Violet pamaso pawo, ndipo mwana uja poopa kuchotsedwa ntchito anaulula kuti anamutuma ndi mayi amene anabwera nawo.

Madzulo ake abambo anandiitana pansi pa mtengo wa mango. Sanakweze mawu. Anangondifunsa kuti mwana wanga, a Makina anakulakwira chiyani. Pamenepo ndikanagwada n'kupepesa, nkhani ikanatha tsiku lomwelo. Koma maso awo anandiopsa, ndipo pakamwa panga panatuluka bodza lachiwiri, loposa loyamba. Ndinawauza kuti ndi iwe unalamula. Ndinati Fletcher ananena kuti ndalamazo ndi za inu nokha, ndipo safuna anthu a m'mudzi pa chithunzi chifukwa akaonetsa anzake ku Joni.

Abambo ananyamuka. Analowa m'nyumba, anavula jekete lija, analipinda bwinobwino n'kuliika pansi penipeni pa sutikesi. Potuluka ananena mawu amodzi okha, akuti mwana amene akuchita manyazi ndi Makina akuchita manyazi ndi ine, chifukwa ine ndi Makina tinadya mbale imodzi. Kuyambira tsiku limenelo, foni ikalira n'kuwauza kuti ndi Fletcher, ankangotembenukira kukhoma. Ine n'kumakuuza kuti agona, apita kutchalitchi, netiweki ikuvuta.

Ukufuna kudziwa chifukwa chake ndinakunamizira? Ndadzifunsa ndekha kambirimbiri. Ndinaganiza kuti iwe uli kutali, mkwiyo wawo sukupweteka, pamene ine ndimaonana nawo m'mawa ndi madzulo. Koma palinso china chonyansa, ndichinene basi. Zaka zonsezi wochapa zovala zawo ndine, wowaperekeza kuchipatala ndine, wowathowa miyendo ndine. Koma mlendo akabwera, nkhani ndi ya Fletcher wa ku Joni, Fletcher watumiza ichi, Fletcher watumiza icho. Pamene anapinda jekete lija, kamtima kena mkati mwanga kanasangalala. Ndikuchita manyazi polemba zimenezi, koma ndi zoona.

Chisangalalo chake sichinakhalitse. A Makina anasiya kudutsa pakhomo pathu, anayamba kuzungulira njira ya kumtsinje ndi njinga yolemera ija. Abambo anasiya kudyera pakhonde. Ankati ndiwaikire chakudya m'nyumba, chitseko chotseka, ndipo munthu wodutsa sankamuitananso. Anthu anayamba kundifunsa kumjigo ngati akudwala. Tangoganiza, abambo athu omwe aja, oti ngakhale kalongonda wa m'kambale amaitanira msewu wonse, kudya okha ngati mfiti. Anaonda, lamba anachita kuboola bowo lina.

Ine ndinkangoona zonsezi n'kumati mawa ndinena, mawa ndinena. Mpaka Lachinayi lapitali pamene unalemba kuti subwera. Ndinawerenga uthenga uja ndili kumunda, ndinakhala pansi pamzere. Ndinawerengera zaka za abambo, ndinakumbukira miyendo yotupa ija, ndipo ndinaona kuti akhoza kupita akukuda iwe pa mlandu wa ine.

Lachisanu ndinapita kwa a Makina. Ndinawapeza akuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba. Ndinagwada patali, koma ndisanafike n'pakati pomwe pa nkhani yanga anandidula. Anati mwana wanga usatope, ndikudziwa. Akuti makutu ndiwo anafa koma maso alipo, ndipo tsiku lija anandiona pazenera ndikunong'oneza mtsikana uja, anaonanso dzanja langa likulowa m'thumba la epuloni. Miyezi iwiri yonseyi ankadziwa, Fletcher, ndipo sanauze munthu.

Ndinawafunsa chifukwa chake anabweza phukusi lija. Anati sikunali kukwiya, kungoti chakudya cha mtengo umenewo chikanawaima pakhosi. Njira ya kumtsinje akuti ankadzera kuti ine ndisamavutike kuwapatsa moni. Kenaka anandilangiza kuti abambo ndisawauze. Akuti kukwiyira mwana wa kutali sikugwetsa nyumba, koma akakwiyira ine wowaphikira, mkuluyo adzasamalidwa ndi ndani.

Ndinalira ngati mwana. Ndinati inu amene munandibereka pa napolo, ine n'kukuthamangitsani pa tebulo ngati galu. Iwo anangoseka ndi mano awo atatu aja. Akuti za napolo anaiwala zambiri, chimene akukumbukira n'choti ndinawakodzera kumsana njira yonse mpaka kukafika pachulu. Anandipatsa kamtolo ka nkhuni kuti ndisabwerere chimanjamanja. Ndinasenza, ndipo sindinasenzepo katundu wolemera ngati ameneyo.

Malangizo awo anali okoma kuwamva, ndipo ndisaname, ndinagona nawo. Koma Loweruka m'mawa ndinawapeza abambo akusola nandolo m'lichero, ndinakhala pansi patsogolo pawo n'kunena zonse. Za zenera, za K1,000, za mtengo, za bodza limene ndinakusenzetsa. Iwo manja sanaime, anapitiriza kusola mpaka lichero linatha. Kenaka anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndalama za mbale ya a Makina zinalipo. Ndinati zinalipo. Anangoti oho, n'kulowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanadye chilichonse.

Lamulungu titachoka ku Misa ananditumiza kugolosale. Anati ndigule mapaketi awiri a supageti, tomato wakupsa bwino, adyo, anyezi ndi mafuta pang'ono. Anakoleza okha mbaula, ine anandikaniza ngakhale kusenda anyezi. Anali asanaphikepo zaka khumi, koma manja anakumbukira. Ankatola kachingwe kamodzi m'madzi owira, kuluma, kupukusa mutu, kudikira pang'ono, kulumanso. Atakhutira anaphula, anatulutsa mbale ya maluwa ija m'sutikesi, anaitsuka okha, n'kutenga ndodo kupita kukawatenga a Makina.

Anakhala pa khomo la kuseri kwa khitchini yathu, pansi, mbale ili pakati. Ine ndinabisala mkati, ndikunamizira kutsuka mapoto oyera kale. Ndiye ndinamva abambo akuitana mokweza ngati mmene amaitanira anthu a mumsewu, amvekere Eveles, bwera tidye.

Bola akanandimenya ndi ndodo ija. Ndinatuluka, ndinakhala pansi. Abambo anatenga supuni, anaitembenuza, n'kulemba mizere iwiri. A Makina anadandaula kuti mchere wachuluka, abambo anati zaka makumi atatu munthu uyu akudandaula za mchere koma sanasiyepo mbali yake. Ine ndinadya misozi ikugwera m'manja. Kamtima koyera kaja kanalimo, ndinakamva pa dzino. Mawu oti ndakukhululukira sananene, ndipo mpaka lero sanandiyang'ane m'maso nthawi yaitali. Sindikuwakakamiza.

A Makina atapita, abambo anatsegulanso sutikesi, anatulutsa jekete lija n'kulivala, kutentha konseku. Anandipatsa foni kuti ndikuimbire. Inaitana kanayi, sunayankhe. Dzulo tinayesanso katatu. Sindikukuimba mlandu, munthu wokanidwa miyezi iwiri amatopa. Koma abambo akuganiza kuti wawataya. Dzulo madzulo anandiuza kuti iwo ndi amene alakwa kwambiri, chifukwa anaweruza mwana wawo osamumva. Tamva zimenezo, Fletcher. Bodza ndi langa, koma wodziimba mlandu ndi iwo.

Dzulo lomwelo ndinapitanso ku Migowi kukapepesa kwa Violet, chifukwa ndinamva kuti Belita anamuimitsa ntchito masabata awiri pa nkhani yomweyi. Ndinafotokoza zonse pamaso pa abwana ake. Mwana uja anandimvetsera mpaka kumapeto. Anangopisa m'thumba la epuloni, anatulutsa K1,000 yomwe ija yopindidwa kanayi, n'kuiika pa tebulo. Akuti inamukanika kugulira ngakhale sopo.

Tsono mlongo wanga, pempho langa ndi ili. Ine unditukwane mmene ungathere, undilembere kalata ya masamba khumi, usandilankhule chaka chathunthu ngati ukufuna, ndilandira. Koma abambo uwaimbire. Ndipo Khirisimasi ubwere, ngakhale wopanda kanthu m'manja. Akuti ukabwera adzaphikanso, ndipo anandifunsa ngati mbale ija ingakwane mizere itatu. Ndinati ikwana.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Peggy, uwauze kuti zitenje zawo ndinasunga. Ana uwapsompsone, uwauze kuti azakhali awo akuwasowa. A Makina akuti ndikupatse moni, ndipo akuti ngati ku Joni kumapezeka mabuleki a njinga otchipa uwakumbukire. Ambuye akusunge pa ntchito yako, akuteteze pamsewu, ndipo akufewetse mtima, osati chifukwa cha ine.

Pamene ndikumaliza kulemba pano, abambo ali pakhonde. Jekete lili m'thupi, thukuta likutsika m'khosi, dzanja lili pa thumba la pachifuwa m'mene muli foni. Ndikadutsa amandifunsa ngati yalira iwo osamva, ndipo ndikati ayi amati mwina ali pantchito. Ndikuitchajitsa tsiku lililonse kuti isazime. Kalatayi ikakupeza, kaya ndi nthawi yanji, usadikire kuti umalize kukwiya. Imba, ayankha okha.

Ndine mlongo wako wokulakwira,
Eveles